Ndinamasula Bawuti Yolakwika

Zikomo atcheya, zikomo azibambo anzanga. Ndikuona nkhope zatsopano kumbuyoko, ndiye ndiyambe ndi kudzitchula. Ine ndine Lackson, kwathu ndi ku Ntcheu, koma kuno ambiri amandidziwa kuti Rra Tadala, ndiko kuti bambo a Tadala m'chinenero cha kuno. Ndine makanika ku Gaborone West Industrial. Amene munabweretsako galimoto kwathu mwina mumandidziwa miyendo yokha, chifukwa nthawi zambiri ndiyo imaoneka, thupi lonse lili pansi pa galimoto.

Atcheya atandipempha kuti ndidzanene za mowa, ndinawauza kuti ine kulalikira sinditha, chimene ndimadziwa ndi oilo. Iwo anati nenani za oiloyo. Ndiye mukamva ndikuchulutsa za malita musatope, mowawo uli momwemo.

Ndinabwera m'dziko muno ndili ndi manja abwino, pamenepa sindidzichepetsa. Magalimoto aja a ku Jeremani, a zitseko zinayi, otsika, amene ukangoponda pang'ono mutu umabwerera kumbuyo, ine ndinkawamva ndi khutu asanatsegulidwe n'komwe. Mwini galaja yathu ndi mayi wa konkuno, timawatcha Mma Dineo. Ndiwo ananditengera pemiti yogwirira ntchito m'dziko muno, ndipo pemitiyo inali m'dzina la galaja yawo. Mkazi wanga, amake Tadala, amasoka zovala pakhomo, ndipo iwo ndi ana amakhala muno chifukwa cha pemiti yangayo. Inu nonse mukudziwa tanthauzo lake. Ntchito ikatha, banja lonse likwera basi. Ana anga anabadwira kuno, sukulu yawo ndi ya kuno, anzawo ndi a kuno, ku Ntcheu amangokuona pa foni.

Mowa unayamba bwinobwino, mwaulemu. Lachisanu tikaweruka tinkapita pamalo ena otsukira magalimoto, pomwe amawotchaponso nyama. Ndinkapita ndi mnzanga wa pantchito, a Tembo, a ku Zambia, munthu wanthabwala amene akhoza kukuseketsa pamaliro. Poyamba linali Lachisanu lokha. Kenaka Loweruka linachita nsanje. Kenaka Lachitatu, poti sabata yatalika. Mapeto ake ndinayamba kumwa kamodzi m'mawa kochotsera matsire, kuti manja asiye kunjenjemera ndigwire bwino sipanala. Ndipo ndinkadziona wochenjera kwambiri, chifukwa m'thumba la ovolosi simunkasowa maswiti a minti. Kasitomala akamabwera, ine switi m'kamwa, moni wambiri, kumwetulira. Mumtima ndinkati palibe akudziwa.

Tsiku limene ndikufuna kukuuzani linali Loweruka m'mawa. Dzulo lake usiku tinali titamwa ngati mowa ukutha m'dziko, ndipo m'mawamo ndinali nditawonjezera kanga kaja. Kunabwera Adokotala a Mbewe, mayi wa kutchalitchi kwathu, wamng'ono kwa ine. Mudzi wa mayi awo uli pafupi ndi kwathu, ndiye amanditcha malume. Galimoto yawo ndi imodzi mwa zothamanga zija, yakuda, injini ya masilinda sikisi yokhala ndi tebo. Ankaikonda galimotoyo, ndipo palibe wina ankaigwira kupatula ine.

"Malume, mundisinthire oilo. Masana tikupita ku Gabane, kuli chilangizo cha mkwatibwi."

"Musadandaule adokotala, imeneyi ndi ntchito yogwira ndili m'tulo."

Anandiyang'ana pang'ono, kenaka anandipatsa makiyi n'kumapita.

Ndikuuzeni za galimoto imeneyi kuti mumvetse chimene ndinachita. Si ya oilo wokhuthala uja timathira m'maminibasi kwathu. Imafuna wa sinthetiki, 5W-40, ndipo pachigubu payenera kulembedwa kuti opanga galimotoyo anamuvomereza. Ukasintha ndi fyuluta yomwe, imalowa malita sikisi ndi hafu. Ilibenso kachitsulo kaja kosolola n'kuona pomwe oilo walekezera. Umayeza pa sikirini ya m'kati, injini itatentha, galimoto itaima pamalo osapendekeka, ndipo umadikira mphindi zingapo. Zonsezi ndinkazidziwa kuposa mayina a azibale anga.

Ndinalowa pansi, n'kuchotsa chivindikiro cha pansi. Kumeneko kuli mabawuti awiri otulutsira oilo, ina ya injini, ina ya giyabokosi, ndipo sizitalikirana kwenikweni. Munthu wa mutu wabwino sangazisokoneze. Ine ndinagwira imene inali pafupi ndi dzanja langa, n'kumasula.

Oilo wa injini amene wayenda ulendo wake amatuluka wakuda. Amene anatuluka apa anali wofiirira, woyera, wokongola. Fungo lakenso linali lina. Abale anga, chizindikiro chinali pamphuno panga penipeni. Mukudziwa chimene ndinanena? Ndinaitana a Tembo.

"Tabwerani mudzaone oilo wa madokotala. Ngakhale wakale ndi woyera."

A Tembo, amene mutu wawo unali ngati wanga, anasuzumira n'kuti, "Ba dokota basamala vintu, mudala."

Oiloyo anasiya kutuluka msanga, beseni lisanafike pomwe limafika masiku onse. Ine ndinangokondwa kuti ntchito yachepa. Ndinamanga bawuti, ndinasintha fyuluta pamwamba, ndipo ndinathira malita sikisi ndi hafu a oilo watsopano, wodula, woyenera ndithu, pamwamba pa oilo wakale amene sindinamutulutse n'dontho lomwe. Zoyeza pa sikirini ndinati zichedwetsa, mutu unkagunda. M'malo mwake ndinapukuta pamwamba pa injini mpaka panawala.

Masana adokotala anabwera ndi azimayi atatu, onse atavala chitenje chofanana, mipango kumutu, nsapato zazitali. Mmodzi mwa iwo anali amake Tadala, atanyamula keke. Anakhala kutsogolo, keke pamiyendo, n'kundibayibitsa monyadira.

Zotsatirazi ndinachita kumva, ndipo ndazimva kwa anthu anayi, aliyense ndi zokometsera zake. Akuti atangolowa mumsewu wa ku Gabane, mkazi wanga anatembenuka n'kuuza anzake kuti, "Mukuimva m'mene ikuyendera? Manja a bambo a kwathu amenewo." Sanamalize bwino, kumbuyo kunabuka utsi woyera, wochuluka moti galimoto zotsatira zinayatsa nyali masanasana. Madalaivala a makombi, maminibasi a kuno, akuimba mahutala. Injini ikulira koma galimoto osapita, ikungonjenjemera. Adokotala anaikokera pambali, azimayi n'kutuluka liwiro, nsapato m'manja, kulowera kutchire. Bambo wina wachifundo anaima n'kubwera ndi chozimitsira moto. Keke yokha ndi imene inapulumuka bwinobwino, chifukwa amake Tadala anathamanga nayo osaigwetsa.

Foni yanga inalira.

"Bambo a Tadala, mwaithira chiyani galimotoyi?"

"Oilo wabwino kwambiri."

"Ndiye bwerani mudzamuone oilo wanu wabwinoyo, ali m'mwamba monsemu."

Sekani ndithu, inenso masiku ano ndimaseka. Koma tsiku limenelo pamsewu uja pakanatha kufa anthu, ndipo mmodzi wa iwo akanakhala mayi wa ana anga.

Lolemba galimoto inali m'galaja, itachita kukokedwa. Mma Dineo anati ndiitsegule ndekha iwo akuona. Ndinamasula bawuti yoyenera tsopano. Oilo anatuluka, wakuda wosakanikirana ndi watsopano, wathovu. Beseni linadzaza, linasefukira, oilo n'kuyenderera pansi mpaka m'nsapato zanga, ndipo ankatulukabe. Injini ikadzaza choncho, zitsulo za m'kati zimamupuntha oilo mpaka achite thovu, ndipo thovu silifewetsa kanthu. Wina amakankhidwira koyakira mafuta, ndiye utsi uja. Injini inapulumuka mwamwayi, poti sanapite patali. Giyabokosi, imene ndinaikhetsa n'kuisiya ndi ludzu, inali itapsa.

Mma Dineo anandifunsa funso limodzi. "Rra Tadala, munamwa?"

Ndinati ayi. Ndinati vuto ndi Ajeremani, anaika mabawuti moyandikana.

Iwo anati, "Pitani kunyumba. Pemiti yanu ikutha mu Disembala. Sindingasainire munthu amene sindingamusiyire makiyi."

Mungaganize kuti pamenepo ndinasiya mowa. Ndinawonjezera. M'mawa ndinkavala bwino n'kuuza amake Tadala kuti ndikukafuna ntchito. Magalaja awiri atatu ndinayesadi, koma nkhani ya utsi wa ku Gabane inali itandidutsa kale panjira. Ndiye ndinkakakhala pabenchi ku Main Mall, kuonerera anthu a m'maofesi akudutsa, dzuwa likakwera n'kupita kokamwa. Aliyense wofuna kumva ndinkamufotokozera za kuipa kwa Ajeremani. Sipanala yanga yoyezera kulimba kwa bawuti, imene ndinachoka nayo ku Malawi, ndinaisiya pabala posinthana ndi mowa. Makanika akayamba kumwa zipangizo zake ndiye kuti watha. Tsiku lina ndinagona m'kombi masana, n'kumangozungulira nayo, mpaka dalaivala anandidzutsa ku renki, koimikira makombi, ndilibe nsapato imodzi. Nditafika kunyumba choncho, Tadala, mwana wanga wamkulu, anandifunsa ngati n'zoona kuti chaka chamawa sadzakhalanso pasukulu yake. Ndinamukalipira kuti asamalowerere nkhani za akuluakulu.

Tsopano apa ndiyende pang'onopang'ono, chifukwa ndi pomwe moyo wanga unakhotera.

Linali Lamlungu masana. Ine kutchalitchi ndinali nditasiya. Ndinamva galimoto ikuima panja, nditasuzumira pawindo ndinaona Adokotala a Mbewe akutsika m'kagalimoto kakang'ono kobwereka. Chichitikireni ngozi ija ndinali ndisanaonane nawo. Ndinathawira kuchipinda, bambo wamkulu ndi imvi zanga, n'kuuza amake Tadala kuti anene kuti ndachoka.

"Sindinama pa Sabata," anatero. "Tulukani."

Ndinatuluka nditakonzeka kutukwanidwa. Ndinali nditakonzanso mayankho, Ajeremani ali pakamwa. Adokotala anakhala pampando, chikwama pamiyendo, anakana tiyi. Anandipatsa moni mwaulemu monga mwa masiku onse. Kenaka anati, "Malume, ndabwera kudzapepesa."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino.

"Tsiku lija, pokupatsani makiyi, ndinamva fungo la mowa. Minti inalipo, koma mowa unali pamwamba. Ndinaona ndi manja anu. Ine ntchito yanga ndi yoona zinthu zimenezi, sindikanalakwitsa. Ndinaima paja ndikuganiza kuti nditenge makiyi anga ndibwerere. Koma ndinati, awa ndi akulu, ndi akwathu, ndiwachititsa manyazi pamaso pa anzawo a ntchito. Ndiye ndinakupatsani. Masana ndinakweza azimayi atatu m'galimoto imene ndinkadziwa kuti wakonza ndi munthu woledzera."

Amake Tadala anali ataima pakhomo la kukhitchini.

"Ndipo sikanali koyamba," anapitiriza. "Ulendo wapitawo ndinamvanso. Tonse kutchalitchi timadziwa, malume. Timakambirana tikamabwerera, inu mukangotembenuka. Palibe anabwera kudzakuuzani, ati ulemu. Ulemu umenewo ndi umene wakufikitsani apa, ndipo ine ndinathandizira. Pepani. Koma kuyambira lero sindidzakupatsaninso ulemu wa mtundu umenewo. Panopanso mukununkha."

Akanandikalipira ndikanawayankha, mayankho ndinali nawo ambiri. Koma munthu amene wamuwonongera galimoto akabwera kudzakupepesa, umayankha chiyani? Ajeremani onse anathawa pakamwa panga. Ndinangoyang'ana pansi. Adokotala anandiuza dzina la chipinda cha kuchipatala komwe amathandiza anthu ofuna kusiya mowa, n'kutsanzika.

Atapita ndinafunsa mkazi wanga kuti, "Kodi inunso munkamva?"

"Bambo a Tadala, ovolosi yanu amachapa ndani?"

"Nanga abusa?"

"Mukuganiza kuti anasiyiranji kukupatsani mbale ya chopereka kuti muyendetse?"

"Ana?"

Anati, "Tadala akamva minti pakhomo, amatumiza uthenga kwa anzake kuti asabwere."

Amati tsoka silinunkha, koma langa linkanunkha, ndipo tauni yonse inkalimva kupatula mwini wake. Zaka zonsezo ndinkayenda monyada kuti ndabisa, chonsecho anthu ankangondisungira ulemu. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Ndinalowa kuchipinda n'kulira, kulira kwenikweni kwa mamina, ndipo amake Tadala anandisiya ndilire. Madzulo anandibweretsera madzi osamba.

M'mawa mwake ndinapita kuchipatala kuja. Apa ndinene mosaseka kwa inu amene manja amanjenjemera m'mawa mpaka mutamwako: musasiye panokha mwadzidzidzi, zikhoza kukugwetsani. Pitani akakuoneni. Ine anandipatsa mankhwala a masiku oyambawo, ndipo anandilumikiza ndi mlangizi amene ndinkakumana naye sabata iliyonse. Masiku oyambawo anali oipa. Thukuta, kusowa tulo, kupsa mtima ndi chilichonse, ngakhale tambala wa aneba.

Kenaka ndinapita kwa Mma Dineo.

"Dumela, mma."

"Dumela, rra. Ajeremani ali bwanji?"

"Alibe mlandu, mma. Ndinamwa. Ndinkamwa tsiku lililonse, ndipo ndinakunamizani."

Anati, "Ndinkadziwa. Inenso ndinalakwa kukusiyani, poti ntchito inkayenda." Anandilola kubwerera, koma osati ngati makanika. Ntchito yanga inali kusesa, kutsuka zitsulo ndi kukhuthula oilo wakale m'migolo. Makiyi a kasitomala osagwira. Ndipo m'mawa uliwonse ndinkayenera kulowa muofesi n'kuwapatsa moni pafupi, nkhope ndi nkhope, m'kamwa mulibe switi. Za pemiti anati tidzaona Disembala akayandikira. Ine amene anthu ankandiimbira foni kuchokera ku Francistown kufunsa nzeru, ndinagwira tsache. Linandiwawa, koma ndinaligwira.

Zina zimene zinandithandiza ndi zazing'ono. Ndinasintha njira yobwererera kunyumba, chifukwa ija yodutsa potsukira magalimoto miyendo inkakhota yokha. Lachisanu amake Tadala ankabwera kudzandichingamira pageti la galaja, ati akudutsa, chonsecho kwathu ndi mbali ina. Ndinayamba kubwera pagulu lino, ndipo ndinapempha azibambo awiri, ali pompano, kuti akandimva fungo anene pomwepo, asadikire kuti nditembenuke. Ndinagwako kamodzi, paukwati wina, sindibisa. Mmodzi wa awiriwo anandipeza ndi botolo m'manja n'kunena mokweza kuti, "A Lackson, kodi si mowa umenewo?" Ndinafuna kumumenya. Lolemba ndinakanena ndekha kwa Mma Dineo ndi kwa mlangizi, n'kuyambiranso.

Patapita miyezi anayamba kundipatsa ntchito ya oilo pa magalimoto a pagalaja pomwepo. Ndinaiphunziranso ngati mwana wa sukulu, ndipo poti ena muli ndi magalimoto oterewa, imvani. Injini izikhala yofunda potulutsa oilo. Bawuti uziyiona ndi maso, uilondole mpaka utsimikize kuti ili pa injini, usamangopapasa. Oilo akayamba kutuluka, yang'ana mtundu wake, umve fungo. Akatha, muyeze. Ine ndimamuthira m'chigubu cha manambala, ndipo ngati injini ya malita sikisi ndi hafu yatulutsa anayi, sindithira kanthu mpaka nditadziwa chifukwa chake. Fyuluta yatsopano, washala watsopano pabawuti. Pothira ndimasiyako hafu ya lita, ndilize injini, itenthe, ndidikire, ndiyeze, kenaka ndimalizitse. Wochuluka amawononga ngati wochepa yemwe, ndiye zoti kotsala m'chigubu tingothira kuti kasatayike, siyani. Ndipo kuno, ndi kutentha kwathuku ndi fumbi, musadikire mpaka galimoto ichite kukuchondererani pa sikirini. Sinthani msangako.

Novembala atafika, za pemiti kunali chete. Amake Tadala anayamba kufunsa anthu za sukulu za ku Ntcheu, mobisa, koma ndinkamva. Usiku ndinkagona ndikuwerenga malata a denga.

Ndiye m'mawa wina galimoto yakuda ija inalowa pageti, giyabokosi ina itaikidwa. Adokotala anatsika, anandipatsa moni bwinobwino, n'kulowa muofesi. Chitseko chinali chotsegula, ndipo ndinamva ndili ndi tsache langa.

"Asinthe oilo wina aliyense, mma, koma osati malume."

Zinandibaya, koma ndikanadandaula kwa yani? Adokotala anapita ku ntchito pa takisi, makiyi anapatsidwa a Tembo.

A Tembo anadutsa pafupi nane akuimba kamluzu, atanyamula beseni. Ndinamva minti. Pansi pa mintiyo ndinamva chimene ndinkachidziwa bwino kuposa munthu aliyense m'galaja muja.

Abale anga, ndinaima ndi tsache lija m'manja. Uyu ndi munthu amene anandibisira zambiri. Masiku amene ndinkalephera kuima, ankandigoneka kuseri kwa matayala n'kundigwirira ntchito. Nayenso ndi mlendo m'dziko muno, ali ndi pemiti ngati yanga, ali ndi ana. Ndiponso ndani angamve za fungo kuchokera kwa ine, wa utsi wa ku Gabane? Mawu onse aulemu anabwera m'mutu: mwina ndi wadzulo chabe, ntchito yake ndi yaing'ono, a Tembo ndi katswiri, ndingoyang'anira patali. Iwo anali atagona kale pansi, sipanala m'manja.

Ndinawagwira mwendo.

"A Tembo, tulukani."

"Ni chani, mudala?"

"Mukununkha. Galimoto iyi simuigwira lero."

Anatuluka maso ali psu. "Iwe? Iwe ndiwe unganiuze ine? Waibala vamene nenze kukuchitila?"

"Sindinaiwale, n'chifukwa chake ndikukuuzani. Pitani mukanene nokha kwa Mma Dineo kuti simuli bwino. Mukapanda kupita, ndipita ine."

Ananditchula mayina angapo amene sindingabwereze pamaso pa atcheya. Anaponya sipanala pansi. Koma anapita. Anakhalamo muofesimo kanthawi, kenaka anatuluka n'kumapita kwawo osandiyang'ana.

Mma Dineo anandiitana. Anati, "Tembo akuti mwamuchotsa pansi pa galimoto."

"Ee, mma."

"Mnzanu uja?"

"Yemweyo."

Makanika wina anali atapita kukakoka galimoto kutali, ndiye panalibe woigwira ntchitoyo. Mma Dineo anatenga makiyi aja n'kumawatembenuza m'manja. Ine ndinati, "Mma, mwini wake anakana ine. Musandipatse iwo asakudziwa." Anaimba foni ndili pomwepo, n'kufotokoza zonse. Ndinamva mawu a adokotala ali patali akuti, "Asayambe. Ndikubwera pa nthawi ya nkhomaliro."

Anabweradi, atavala zakuntchito. Anayenda molunjika kwa ine, pamaso pa aliyense, n'kuima pafupi kwambiri.

"Malume, pumirani kuno."

Ndinapuma.

"Mwadya anyezi."

"Ndi sadini yemwe, adokotala."

"Chabwino. Ndipatseni mpando."

Anakhala pambali pa galimoto yawo, ine n'kulowa pansi. Ndinawaitana kuti awerame aone bawuti imene ndagwira, ndi kumene ili. Anawerama ndithu, dokotala wathunthu, bondo pakatoni. Oilo anatuluka wakuda bii, ndipo sindinakondwerepo ndi chinthu chakuda ngati tsiku limenelo. Ndinamuthira m'chigubu cha manambala n'kuwaonetsa, sikisi ndi kakuposera. Ndinawaonetsa chigubu cha watsopano kuti awerenge okha zolembedwazo. Ndinathira, ndinaliza injini, tinadikira limodzi mpaka sikirini inaonetsa kuti zili bwino. Manja anga sananjenjemere.

Anatenga makiyi n'kuti, "Zikomo, malume." Ndinatuluka nawo mpaka pageti, n'kuima pamsewu ndikuyang'ana kumbuyo kwa galimotoyo mpaka inakhota. Kunalibe utsi ngakhale wa ndudu.

Nditabwerera ndinatola tsache langa. Mma Dineo anali pakhomo la ofesi.

"Rra Tadala, tsachelo lisiyeni. Mawa mubwere ndi pasipoti yanu, ya mayi ndi za ana."

Ndinangoti, "Ke a leboga, mma," ndiko kuti zikomo. Ndinapita kuseri kwa matayala kuja ndinkagona ndi matsire, n'kuimbira amake Tadala. Atamva anangoti, "Ambuye," kenaka ndinamva makina osokera ayambanso kulira.

A Tembo sanandilankhule mpaka Khirisimasi inadutsa. Ntchito sanachotsedwe, anapatsidwa tsache lija. Tinkadutsana m'galaja ngati anthu olimbirana malire a munda. Zinkandipweteka, chifukwa ndinkawasowa, ndipo nthabwala za anthu ena sizinkandiseketsa. Wakutsina khutu ndi mnansi, timatero, koma palibe amakuuza kuti wotsinayo amatha miyezi akudya yekha nkhomaliro. Tsiku lina mu Januwale anabwera n'kukhala pambali panga, n'kutsegula chakudya chawo, n'kundifunsa kuti chipinda chija cha kuchipatala chili mbali iti.

Ndi awo akhala pafupi ndi chitsekowo, a malaya abuluu, akudzibisa kuseri kwa chipewa. Musaope, ndinawapempha kaye ngati ndingatchule dzina lawo pano. Anati, "Kamba chabe, mudala. Bonse benze baziba kale."

Ndiye inu amene mwabwera lero ndi switi m'kamwa, tikukumvani, ndipo takondwa kuti mwabwera. Inu amene mwakhala naye pafupi, musadikire kuti atembenuke. Tikamatuluka mumutengere pambali, mumuuze. Atcheya, ine ndalekeza pomwepa.